DIR: mmene anthu ankaonera ndi kulongosolera mafayilo pa makompyuta a DOS

Munthu amene anayamba kugwira kompyuta mafoni a m'manja atafala kale amadabwa akamva kuti kwa zaka zoposa khumi makompyuta ambiri a m'maofesi ankati akayaka amangoonetsa chilembo chimodzi ndi kachizindikiro patsogolo pake: C>. Panalibe tizithunzi ta mafoda, panalibenso kamuvi koyendetsa ndi mausi. Mafunso amene amafunsa amakhala awiri. Nanga munthu ankadziwa bwanji zimene zili m'katimo? Ndipo mafayilo akachuluka, kufika mazanamazana, ankawalongosola bwanji kuti kalata ya chaka chatha aipeze?

Funso loyambalo yankho lake ndi zilembo zitatu. Munthu ankalemba DIR, n'kudina Enter, mayina n'kuyamba kutsika pa sikirini. Mzere uliwonse unkakhala ndi dzina la fayilo, zilembo zitatu zosonyeza mtundu wake, kukula kwake, komanso tsiku ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza. Pansi penipeni pankabwera chiwerengero cha mafayilo ndi malo otsala pa disiki. Funso lachiwirilo ndiye lalitali, chifukwa DIR sinkalongosola kanthu. Inkangoonetsa. Kulongosola inali ntchito ya munthu, ndipo ndimaona kuti amene wamvetsa kusiyana kwa ntchito ziwirizi wamvetsa DOS, komanso wamvetsa zina zimene zimamuzunguza pa flashi yake lero lino.

DIR sinayambire ku Microsoft. Inalipo kale mu CP/M, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene Gary Kildall analemba mu 1974 n'kumaigulitsa kudzera ku kampani yake ya Digital Research. Kutchula madisiki ndi zilembo A ndi B, komanso lamulo loti dzina la fayilo lisapitirire zilembo zisanu ndi zitatu kuphatikizapo zina zitatu za kumapeto, zonsezi zinali kale mu CP/M. Mu 1980 Tim Paterson wa ku Seattle Computer Products analemba 86-DOS motsatira kachitidwe komweko. Microsoft inaigula, ndipo ndi imene inatuluka ndi IBM PC mu Ogasiti 1981 pa dzina la PC DOS 1.0. Nthawi imeneyo Unix ya ku Bell Labs inali kale ndi lamulo lake loonetsera mafayilo, lotchedwa ls, lomwe linalipo kuyambira mu 1971. Kusiyana kwake kunali koonekeratu: ls inkasanja yokha mayina motsatira alifabeti, pamene DIR inkawatulutsa monga mmene yawapezera.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuona zimene DIR inkawerenga. Pa disiki iliyonse ya DOS, chakumayambiriro kwake, pamakhala kaundula wa mafayilo. Fayilo iliyonse ili ndi mzere wake m'kaundulamo, ndipo mzerewo ndi wa ma byte 32, osachepera, osapitirira. Mwa amenewa, 8 ndi a dzina, 3 ndi a mtundu wa fayilo, 1 ndi ya zizindikiro, 2 a nthawi, 2 a tsiku, 2 osonyeza pamene fayilo yayambira pa disiki, 4 a kukula kwake, ndipo 10 otsalawo poyamba anangosiyidwa opanda ntchito. DIR inkayambira pa mzere woyamba n'kumatsika mpaka kumapeto, basi. Fayilo imene inalembedwa koyamba inkaoneka pamwamba, yatsopano pansi.

Zikanathera pomwepo bwenzi mndandandawo uli wa dongosolo ndithu, wotsatira nthawi. Chinkausokoneza ndi kufufuta. Munthu akalemba DEL, DOS sinkakhudza zimene zili m'fayilomo. Inkangochotsa chilembo choyamba cha dzina m'kaundula n'kuikapo chizindikiro chapadera, chimene akatswiri amachilemba kuti E5, kenako n'kulengeza kuti malo a fayiloyo pa disiki ndi opanda mwini. Zili ngati kaundula wa m'kalasi: mwana akasiya sukulu mphunzitsi amadula dzina lake, ndipo mwana watsopano akabwera amamulemba pa mpata womwewo m'malo motsikira kumapeto kwa tsamba. Fayilo yatsopano inkalowa pa mpata woyamba wopezeka. Pakatha miyezi ingapo ya kulemba ndi kufufuta, kalata ya dzulo inkapezeka pakati pa mapulogalamu a zaka ziwiri zapitazo, ndipo palibe akanalosera kuti ili pati.

Kachitidwe komweka kanapulumutsa anthu ambiri. Popeza zolembedwazo zinkakhala zikadalipo mpaka fayilo ina itazilembera pamwamba, zinali zotheka kuzibweza. Peter Norton anatchuka ndi pulogalamu yake ya UNERASE, yomwe inatuluka mu 1982, ndipo DOS inadzakhala ndi UNDELETE yakeyake mu 1991. Zonse ziwiri zinkafunsa mwini wake funso limodzi: kodi dzinali linkayamba ndi chilembo chanji? Pa dzinalo, chilembo chokhacho n'chimene chinali chitatayikadi.

Tsiku ndi nthawi nazo zinali ndi zovuta zake. Chaka chinkawerengedwa kuyambira 1980, ndipo malo ake m'kaundula amatha mu 2107. IBM PC yoyamba inalibe wotchi ya batire, choncho nthawi zonse ikayatsidwa inkafunsa tsiku. Anthu ambiri ankangodina Enter kuti apitirire, ndiye kompyuta inkakhulupirira kuti tsikulo ndi 1 Januwale 1980. Ichi n'chifukwa chake pa madisiki akale pamapezeka mafayilo ambirimbiri a deti imodzimodziyo. Wotchi ya batire inakhazikika ndi IBM PC/AT mu 1984. Wofufuza zakale asafulumire kukhulupirira deti imene DIR yamuonetsa.

Sikirini inali ya mizere 25, uliwonse wa zilembo 80. Mafayilo akapitirira makumi awiri ndi angapo, oyambirira ankathawira m'mwamba munthu asanawawerenge. Mankhwala ake mu DIR momwemo anali awiri okha. DIR /P inkaima sikirini ikadzaza, kudikira kuti udine batani lililonse. DIR /W inkasiya kukula ndi madeti n'kuyala mayina okha asanuasanu pa mzere umodzi. Kwa zaka zambiri, mpaka 1991, izi ndi zokha zimene DIR inkatha kuchita.

Tsono tibwere ku mayina, pamene pankagona luso lenileni. Zilembo zisanu ndi zitatu n'zochepa. KALATA.TXT ikukwana, MALIPIRO ndi NGONGOLE zikukwana ndendende, koma MSONKHANO yapitirira ndi chilembo chimodzi. DOS sinkadandaula, inkangodula n'kusiya MSONKHAN. Choopsa chinali chakuti wina akakopera mafayilo awiri, ina kuitcha MSONKHANO1.TXT ina MSONKHANO2.TXT, kwa DOS mayina onsewo anali amodzi, ndipo yachiwiri inkafafaniza yoyamba mwakachetechete. COPY inayamba kufunsa isanalembe pamwamba pa fayilo ina mu MS-DOS 6.2, chakumapeto kwa 1993. Izi zisanachitike, chitetezo chokha chinali kusamala kwa mwini wake.

Kupanikizika kumeneku kunaphunzitsa anthu kutcha mayina moganizira za mawa, ndipo chimene chinkawatsogolera ndi zizindikiro ziwiri, nyenyezi ndi chofunsira. Nyenyezi imaimira zilembo zilizonse, chofunsira chimaimira chilembo chimodzi. DIR *.TXT inkaonetsa mafayilo onse othera ndi TXT. DIR MAL*.* inkaonetsa onse oyamba ndi MAL. DIR MAL93??.WK1 inkatulutsa malipiro a miyezi yonse ya 1993, ngati mwini wake anali atawatcha MAL9301, MAL9302, mpaka MAL9312. Taonani kuti chaka chili patsogolo, mwezi pambuyo, ndipo Januwale ndi 01 osati 1. Wotcha mayina motere ankapeza kuti akawasanja motsatira alifabeti ndiye kuti awasanjanso motsatira nthawi.

Nyenyeziyo inali ndi msampha umene ngakhale odziwa ankagweramo. Mu DOS, chilichonse cholembedwa pambuyo pa nyenyezi, dontho lisanafike, sichinkawerengedwa. Wolemba DEL *93.TXT ankaganiza kuti akufufuta mafayilo othera ndi 93 okha, koma DOS inkamva kuti DEL *.TXT n'kusesa onse. Panalibe chenjezo, chifukwa funso loti "Are you sure (Y/N)?" linkabwera pokhapokha munthu akafuna kufufuta zonse ndi *.* basi. Apa mpamene panachokera chizolowezi chimene ndimachilemekeza kwambiri mwa anthu a nthawi imeneyo: usanalembe DEL, yamba walemba DIR ndi zizindikiro zomwezo. Zimene DIR yaonetsa ndi zimene DEL ikafufute. Ngati mndandandawo watalika kuposa mmene umayembekezera, ima. DIR sinkavulaza kanthu, choncho inkagwira ntchito ya mboni lamulo loopsa lisanaperekedwe.

DOS 1.0 inalibe mafoda. Disiki ya floppy ya 160 KB inali ndi kaundula mmodzi wa mizere 64, ndipo zonse zinkakhala pamenepo. Kulongosola kunkachitika kunja kwa kompyuta: disiki ya makalata, disiki ya maakaunti, iliyonse ndi kapepala komata pamwamba. Zinasintha mu Malichi 1983 pamene IBM inatulutsa PC XT yokhala ndi hadi disiki ya 10 MB, limodzi ndi DOS 2.0. Malo otere sakanatheka ndi kaundula mmodzi, ndiye Microsoft inatengera ku Unix nzeru ya mafoda okhala m'kati mwa mafoda anzawo. Panabwera MD yopangira foda, CD yolowera, RD yochotsera, ndi TREE yoonetsa mmene nthambi zake zayalira. Unix inkalekanitsa mayina a mafoda ndi kamzere kopendekera kutsogolo, koma mu DOS kamzere kameneko kanali katagwira kale ntchito ina, monga mu /P ndi /W. Anasankha kopendekera kumbuyo, ndipo n'komwe timakaona mpaka lero mu C:\Windows.

Kaundula woyamba uja, wa pa tsinde la disiki, anakhalabe ndi malire osasuntha: mizere 112 pa floppy ya 360 KB, 224 pa ya 1.44 MB, ndipo kawirikawiri 512 pa hadi disiki. Munthu ankatha kuona DIR ikunena kuti malo otsala ndi ambiri, koma kompyuta n'kumakana fayilo yatsopano, ngakhale yaing'ono bwanji. Disiki sinali yodzaza, wodzaza anali kaundula. Foda yopangidwa ndi MD ilibe malire oterewo, chifukwa iyo ndi fayilo chabe yokhala ndi mizere ya ma byte 32 yomweyo, ndipo imakula ikafuna. Choncho makinawo ankachita kumukankhira munthu ku dongosolo: pa tsinde pakhale zochepa, monga COMMAND.COM, CONFIG.SYS ndi AUTOEXEC.BAT, zina zonse zipite m'mafoda.

Foda yatsopano ukailowa n'kulemba DIR, inkati muli mafayilo awiri, chikhalirecho sunaikemo kanthu. Awiriwo ndi dontho limodzi, kutanthauza foda yomweyo, ndi madontho awiri, kutanthauza foda ya pamwamba pake. N'chifukwa chake CD .. imakubweza sitepe imodzi. Vuto lina linali losadziwa pamene uli, popeza C> inkaoneka chimodzimodzi m'foda iliyonse. Pafupifupi aliyense ankalemba PROMPT $P$G mu AUTOEXEC.BAT, fayilo ya malamulo imene kompyuta inkaiwerenga ikamayaka, kuti chizindikirocho chizionetsa njira yonse, monga C:\OFESI\MAKALATA>. Kamzere kamodzi kameneka kanateteza mafayilo osawerengeka kwa anthu amene akanafufuta zinthu m'foda yolakwika.

DOS 2.0 inabweranso ndi njira yolumikizira malamulo, nayonso yochokera ku Unix. DIR | SORT inkatenga zotuluka mu DIR n'kuzisanja. DIR | SORT /+10 inkasanja kuyambira pa chilembo chakhumi cha mzere uliwonse, pamene pankayambira mtundu wa fayilo, ndiye ma TXT onse ankakhala pamodzi. DIR | FIND inkasankha mizere yokhala ndi mawu amene wawatchula. Zinkagwira ntchito, koma mosalongosoka kwenikweni, chifukwa SORT sinkadziwa kuti ikusanja mafayilo. Kwa iyo yonse inali mizere, ndipo mutu wa mndandanda ndi chiwerengero cha pansi zinkasakanikirana ndi mayina. Chothandiza kwambiri chinali kutembenuza zotuluka. DIR > PRN inkatumiza mndandanda ku pulinta, pepalalo n'kulipinda n'kuliika m'kachikwama ka floppy. DIR > ZAMKATI.TXT inkausunga ngati fayilo.

Zimene anthu ankafuna kwa zaka khumi zinabwera ndi MS-DOS 5.0 mu Juni 1991. DIR /O:N inkasanja ndi dzina, /O:E ndi mtundu, /O:S ndi kukula, /O:D ndi deti, /O:G n'kuika mafoda pamwamba. Kamzere kochotsera kankatembenuza dongosololo, moti DIR /O:-S inkayamba ndi fayilo yaikulu koposa, lomwe ndi funso loyamba la munthu amene disiki yamudzalira. DIR /S inkalowa m'mafoda onse a pansi, ndipo DIR \MAL9307.* /S inasanduka njira yosakira fayilo yosowa pa disiki yonse. DIR /B inkatulutsa mayina okha opanda zokometsera, oyenera kupatsira pulogalamu ina. DIR /A inkaonetsa ngakhale zobisika. Amene ankafuna kuti DIR izikhala yosanjika nthawi zonse ankalemba SET DIRCMD=/O:GN /P mu AUTOEXEC.BAT n'kuiwalako.

Komabe /O sinkasintha kanthu pa disiki. Inkasanja za pa sikirini zokha, kaundula n'kukhala mmene analili. Kusanja kaundula weniweniyo kunkafuna chida china, monga Directory Sort ya mu Norton Utilities. Ndipo ngakhale kaundula atasanjidwa bwanji, fayilo imene ili m'foda yolakwika inkakhalabe m'foda yolakwika.

Pa ntchito yosamutsa ndi pamene DOS inachedwa koposa, ndipo apa sindingaiikire kumbuyo. Mafoda anabwera mu 1983, koma lamulo la MOVE linabwera ndi MS-DOS 6.0 mu Malichi 1993. Kwa zaka khumi, kusamutsa fayilo kunali kuikopera ndi COPY, kutsimikiza ndi DIR kuti yafikadi, kenako kuifufuta kumene yachokera. REN inkasintha dzina la fayilo koma osati la foda. RD inkakana kuchotsa foda imene muli kanthu, ndiye munthu ankayenera kulowa nthambi iliyonse, kufufuta, kutuluka, kuchotsa, mpaka DELTREE itabwera, nayonso mu 1993. XCOPY, yotha kukopera foda ndi nthambi zake zonse, inali itafika mu DOS 3.2 mu 1986, ndipo inkathandiza posunga makope chifukwa inkatha kusankha mafayilo okhawo amene asinthidwa.

Mpata umenewu unadzazidwa ndi ena. XTree inatuluka mu 1985 n'kumaonetsa mafoda ngati mtengo woti munthu ayendemo ndi mabatani a mivi, kuchonga mafayilo ambiri n'kuwasamutsa kamodzi. Norton Commander, yolembedwa ndi John Socha, inatuluka mu 1986 ndi mazenera ake awiri abuluu, lina la kochokera, lina la kopita, F5 kukopera, F6 kusamutsa, F7 kupanga foda, F8 kufufuta. Kapangidwe kameneka kakadalipo mu Midnight Commander ndi Total Commander. Microsoft inayesa zake ndi DOS Shell mu DOS 4.0 ya 1988. Pa kusankha ndi maso mafayilo khumi osafanana mayina, zida izi zinkaposa mzere wa malamulo kutalitali. Koma pa funso lokhala ndi lamulo lomveka, monga mafayilo onse a mtundu wakuti m'mafoda onse, kulemba mzere umodzi kunali kwachangu kuposa kuchonga imodziimodzi. N'chifukwa chake Norton Commander inasiyabe mzere wa malamulo pansi pa mazenera ake.

Windows 95 inachotsa malire a zilembo zisanu ndi zitatu, kulola mayina ofika zilembo 255. Sinaphwasule kaundula wakale, inangomubwereka mizere yowonjezera, uliwonse wonyamula zilembo 13 za dzina lalitalilo, n'kusungabe dzina lalifupi pambali. Ndiko kunachokera mayina ngati PROGRA~1. Zotsatira zake, floppy ya mizere 224 inkadzaza msanga ikalandira mayina ataliatali.

Zonsezi sizinathe ndi mafloppy. Maflashi ndi makadi ambiri a m'makamera ndi m'mafoni akadali a banja lomwelo la madisiki a DOS, lotchedwa FAT, ndipo makamera amatchabe zithunzi ndi mayina a zilembo zisanu ndi zitatu monga IMG_0001.JPG. Mawailesi ambiri otsika mtengo a m'galimoto, ngati a m'maminibasi athuwa, amaimba nyimbo za pa flashi motsatira mizere ya m'kaundula, osati alifabeti. Munthu amasanja nyimbo bwinobwino pa kompyuta, kuziika manambala, koma wailesi n'kumazidumphadumpha. Chimene kompyuta inamuonetsa chinali chosanjidwa pa sikirini pokha. Njira yosavuta ndi kupanga foda yatsopano n'kukoperamo nyimbozo imodziimodzi mu dongosolo lomwe ukufuna.

Chinanso ndi vayirasi ija imene anthu amaitenga m'malo ojambulitsira mapepala, yoti flashi ikabwerako mafoda onse asanduka ma shortcut ndipo ntchito yonse ikuoneka ngati yapita. Nthawi zambiri sinapite. Vayirasiyo imangoyatsa zizindikiro ziwiri mu byte imodzi ija ya pa mzere wa m'kaundula, cha kubisa ndi chonena kuti fayilo ndi ya makina, zomwezo zimene zinkabisa mafayilo a DOS yeniyeniyo, IO.SYS ndi MSDOS.SYS. Amakaniko a makompyuta amatsegula cmd ya mu Windows, kulowa pa chilembo cha flashiyo, n'kulemba dir /a, mafoda onse n'kuonekera. Kenako amalemba attrib -h -r -s /s /d kuti azimitse zizindikirozo. Vayirasiyo imafunikabe kuichotsa payokha, koma mafayilo amakhala abwerera.

Wofuna kuphunzira malamulowa safunika kusaka makina akale. Cmd ya mu Windows imamvabe DIR, CD, MD, TREE ndi ATTRIB, kungoti pa disiki ya mtundu wa NTFS mayina amatuluka osanjika kale, chifukwa kaundula wake amasungidwa motsatira alifabeti. FreeDOS, imene Jim Hall anaiyambitsa mu 1994, ndi yaulere ndipo ikukonzedwabe, DOSBox nayo imayendetsa mapulogalamu a DOS pa makompyuta a masiku ano. Microsoft inaika poyera pa GitHub zolemba za m'kati mwa MS-DOS 1.25 ndi 2.0 mu 2018, ndipo za 4.0 mu 2024.

Amene wapeza bokosi la mafloppy m'kabati ya ofesi, kapena hadi disiki ya kompyuta imene inasiya kugwiritsidwa ntchito kalekale, asayambe ndi kukonza. Pa floppy ya mainchesi 3.5 ayambe watsegula kaboo ka pakona, kamene kamaletsa kulemba, chifukwa chilichonse cholembedwa pa disikiyo chikhoza kulowa pa mpata wa fayilo yofufutidwa imene ikanabwezedwa. Kenako alembe DIR A:\ /S /A > C:\DISIKI01.TXT, kuti mndandanda wonse, pamodzi ndi zobisika, kukula ndi madeti, usungidwe kwina. Akatero akopere zonse ku disiki ina, ayerekeze chiwerengero cha mafayilo ndi cha ma byte mbali zonse ziwiri, ndipo kusamutsa, kusintha mayina ndi kufufuta azichitire pa kopeyo.